Simukhadi ya kutsidya kwa msewu ndi yotchipa, nanga ikakulakwira udzadandaula kwa yani?

Kuchokera ku Dedza kutsika ndi msewu wa M1 kudzera pa Lizulu kulowera ku Biriwiri m'boma la Ntcheu, pali malo ambiri pomwe msewuwo ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, moti munthu akhoza kugula kabichi mbali ino n'kukamwa tiyi mbali inayo osaganizako n'komwe kuti waponda dziko la eni. Anthu a mbali zonse ziwiri ndife amodzi, Angoni ndi Achewa a chiyankhulo chimodzi, okwatirana ndiponso oikana maliro. N'chifukwa chake kuno si zachilendo kupeza foni yokhala ndi masimukhadi awiri, ina ya Airtel kapena TNM, ina ya Movitel kapena Vodacom, ndipo mkangano woti ndi dziko liti lomwe limasamala wogula umakambidwa ndi anthu amene alawa mbali zonse.

Ambiri mwa iwo chigamulo adapereka kale. Amati kutsidya bandulo njotchipa, imakhalitsa, ndipo netiweki imagwira ngakhale kudimba. Pa mfundo ya mtengo ndi kufalikira kwa netiweki ine sinditsutsa, ndipo chomwe chidachititsa zimenezi n'chodziwika. Mpaka chaka cha 2012 dziko la Mozambique lidali ndi makampani awiri okha a foni za m'manja, mcel ya boma ndi Vodacom, ndipo onse awiri adakonda kwambiri mizinda ndi misewu ikuluikulu. M'chaka chimenecho kudabwera Movitel, yomwe mwini wake wamkulu ndi kampani ya Viettel ya ku Vietnam, ndipo iyo idayambira komwe anzake ankakuona ngati kopanda phindu. Idazika mapolo, kukoka zingwe ndi kuimika nsanja m'midzi, kuphatikizapo madera ngati Angónia ndi Tsangano omwe tayandikana nawo, ndipo makampani akalewo adakakamizika kutsitsa mitengo kuti asathawidwe. Viettel yomweyo idakachitanso chimodzimodzi ku Tanzania mu 2015 pansi pa dzina la Halotel.

Kwathu kuno ziphaso zidaperekedwa kangapo konse kwa makampani ena, monga G-Mobile ndi Celcom kale lija, komanso Malcel posachedwapa, koma munthu wa kwa Kachindamoto kapena kwa Ganya akafuna layini amasankhabe pakati pa awiri omwe aja, Airtel ndi TNM. Aliyense wogula kachewere pa Lizulu amadziwa kuti ogulitsa akakhala awiri okha pamsika mtengo sutsika, chifukwa aliyense amangoyang'ana mnzake, koma wachitatu akatsitsa thumba lake pangolo m'pamene kunenerera kumayamba. Komabe kungakhale kupanda chilungamo kuika mlandu wonse pa makampani. Dziko la Mozambique lili ndi nyanja yamchere, ndipo zingwe zikuluzikulu za intaneti za pansi pa nyanja monga SEACOM ndi EASSy zimatulukira pagombe lake, pomwe ife timachita kugula intanetiyo kudzera m'maiko a anzathu ndi ndalama zakunja. Zipangizo za nsanja nazonso zimagulidwa ndi madola, ndipo kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pamwamba pa izi boma lidaika msonkho wapadera wa 10 peresenti pa mauthenga a pafoni ndi intaneti mu 2015, ndipo amene amaulipira ndi wogula yemweyo.

Chimene ndikukana ndi kuima pa mtengo pokha, ngati kuti wogula alibe chosowa china. Zomwe zidachitika ku Mozambique m'chaka cha 2024 chokha zikuonetsa chifukwa chake.

Mu Meyi chaka chimenecho bungwe loyang'anira za matelefoni kumeneko, INCM, lidakhazikitsa mitengo yatsopano yomwe idathetsa mabandulo opanda malire, ponena kuti mpikisano udafika poika makampani pachiswe. Anthu adadzuka tsiku lina n'kupeza kuti ndalama yomwe inkawafikitsa kutali ikutha msanga. Ophunzira ndi achinyamata adachita zionetsero mumzinda wa Maputo, ndipo patangopita milungu yochepa boma lidauza bungwelo kuti liimitse chigamulocho. Ambiri a kuno adayamikira kuti anzathu amadziwa kumenyera ufulu wawo, ndipo n'zoona kuti adaumenyera. Koma taonani kuti chomwe chidabweza mtengowo ndi mapazi a anthu mumsewu wa likulu, osati ofesi yomwe mlimi wa ku Ulongwe, ku Angónia, angapiteko ndi dandaulo lake n'kumvedwa. Kutchipa komwe kungachotsedwe ndi chikalata chimodzi n'kubwezedwa pokhapokha anthu akakwiya si chinthu choti munthu n'kumangirapo bizinesi mtima uli m'malo.

Chachiwiri n'cholemera kuposa apa. Chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chitachitika ndipo bungwe la zisankho litalengeza kuti Daniel Chapo wapambana, otsatira Venâncio Mondlane adakana zotsatirazo ndipo dziko lidalowa m'zipolowe. Pa 25 Okutobala intaneti ya pafoni idadulidwa, ndipo m'masiku otsatira Facebook, WhatsApp ndi Instagram zidatsekedwa, kwinaku intaneti ikumazimitsidwa madzulo ndi usiku. Sindikulowa m'ndale za anzathu, koma ndikuyang'ana wogula. Munthu amene adalipira bandulo ya sabata kapena ya mwezi adagula katundu, ndipo katunduyo adalandidwa ndi dzanja lomwe limayenera kumuteteza. Wamalonda wa m'malire amene amagwirizana mtengo wa nyemba ndi wogula wa ku Lilongwe kapena ku Tete kudzera pa WhatsApp, mayi amene amadikira uthenga wa mwana wake wa ku Johannesburg, onsewa ngati ankadalira layini ya kutsidya yokha adakhala mumdima pa mlandu womwe sadaupalamule. Bandulo yotchipa yomwe ingazimitsidwe pa tsiku lomwe ukuifunitsitsa ndi yodula kuposa momwe mtengo wake umaonekera.

Ku Zambia nako zoterezi zidachitika, koma zidatha mosiyana. Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku loponya voti, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zidatsekedwa. Bungwe lomenyera malamulo la Chapter One Foundation lidathamangira kubwalo lalikulu la milandu ku Lusaka, ndipo bwalolo lidalamula kuti bungwe loyang'anira za matelefoni kumeneko, ZICTA, litsekule. Nkhaniyo idatsekedwa mu 2022 ndi mgwirizano wa kubwalo momwe ZICTA idavomera kusachitanso zinthu kunja kwa malamulo, ndiponso kuuza anthu chifukwa chake pasanathe maola 36 ngati intaneti itasokonezeka. Ichi ndicho ndimasirira kwa anzathu a kuzambwe, kuti kudapezeka khomo logogoda, ndipo amene ali ndi mphamvu yodula netiweki adayankha pamaso pa woweruza.

Ife tisadzitame msanga. Pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011 bungwe loyang'anira za mawailesi ndi matelefoni la MACRA lidaletsa mawailesi kuulutsa zomwe zinkachitika pompopompo, ndipo mu 2019 lidaimitsa mapologalamu oimba foni pawailesi mpaka nkhaniyo idakafika kubwalo. Mtima wofuna kutseka anthu pakamwa ulipo mbali zonse za malire. Chosiyana n'chakuti kwathu mabwalo akhala akuonetsa kuti angathe kuuletsa, ndipo mawu a anthu nthawi zina amamveka nyumba ya malamulo isanavomereze chinthu. Mu 2019 boma lidafuna kuika msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zotumizidwa pafoni, anthu ndi mabungwe adakana, ndipo ganizolo lidachotsedwa lisanayambe kugwira ntchito. Ku Tanzania msonkho wamtundu umenewu udayamba mu Julaye 2021, anthu adaulipira akulira, ndipo boma lidachita kuutsitsa pambuyo pake.

Nanga malamulo oteteza wogula? Papepala Malawi sali m'mbuyo. Tili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, tili ndi bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC, ndipo tili ndi bungwe loimira ogula la CAMA lomwe a John Kapito akhala akulilankhulira kwa zaka zambiri. Mu 2021 CFTC idagamula kuti Airtel Malawi ilipire chindapusa cha K2.1 biliyoni pa nkhani ya bonasi ya Khethekhethe yomwe makasitomala ankadandaula nayo. Kampaniyo idakasuma, ndipo mu 2023 bwalo lalikulu lidapeza kuti lamulo lakale la 1998 silidapatse bungwelo mphamvu yolipiritsa chindapusa palokha. Kwa wogula chidali chigamulo chowawa, koma chidaulula bowo lomwe lidakhalapo kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo mu 2024 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano lopatsa CFTC mphamvuyo. Umu ndi momwe zinthu ziyenera kuyendera: dandaulo, chigamulo, apilo, kenaka kukonza lamulo. N'zochedwa, koma zimasiya chinthu cholembedwa chomwe wogula wa mawa angaimepo.

Vuto lathu ndi mtunda womwe uli pakati pa lamulolo ndi msika. CFTC idanena kambirimbiri kuti wogulitsa sangadzichotsere mlandu pa katundu wowonongeka pongolemba kuti katundu akagulidwa sabwezedwa, ndipo ku Zambia lamulo la 2010 limaletseratu kupachika chikwangwani chotero. Komabe yendani m'mashopu ogulitsa mafoni, machaja ndi masola pa Dedza boma kapena pa Ntcheu muwerenge zomwe zalembedwa pakhoma ndi pansi pa malisiti, kumene lisiti likuperekedwa n'komwe. Mtsikana amene wagula foni yomwe yafa batire patatha masiku atatu sadziwa kuti mawu amenewo alibe mphamvu, ndipo maofesi omwe angamuthandize ali m'mizinda. Kutsidya nako kuli lamulo loteteza ogula la 2009 ndi bungwe loyendera malonda, koma zonse zimayenda m'Chipwitikizi, chiyankhulo chomwe ambiri a m'midzi ya m'malire, ngakhale eni dziko, sachilemba.

Amene ali pangozi kuposa onse ndi Mmalawi wogwiritsa ntchito layini ya kutsidya, ndipo uyu ndiye amandidetsa nkhawa. Maiko onse awiri amafuna kuti simukhadi ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Kwathu izi zidakhwima mu 2018 pogwiritsa ntchito chiphaso cha unzika. Tsono wa kuno amene alibe zikalata za ku Mozambique kawirikawiri amagula simukhadi yolembetsedwa kale, kapena amapempha msuweni wake wa ku Domwe kuti amulembetsere. Pa kuimba ndi pa intaneti palibe chovuta chimaoneka. Koma akayamba kusunga ndalama za malonda mu e-Mola kapena M-Pesa, njira zosungira ndalama pafoni za kutsidya, pa layini imeneyo, ndalamazo pamaso pa kampani si zake. Foni ikabedwa, simukhadi ikatsekedwa, kapena akatumiza ndalama ku nambala yolakwika, amene angakaime pakauntala ndi mwini dzina, ndipo ngati mwini dzinayo adasamuka, adamwalira kapena adayambana naye, nkhani yathera pomwepo. MACRA singamuthandize chifukwa kampaniyo si ya m'dziko muno, ndipo INCM simudziwa. Akuba a pafoni aja otumiza uthenga woti ndalama ija mutumize pa nambala iyi amakonda kwambiri malayini otere, omwe dzina lolembedwa silikugwirizana ndi munthu wogwira foni.

Palinso chinthu chaching'ono chomwe a m'mizinda sachidziwa. Nsanja sizidziwa malire, choncho foni ya munthu amene wakhala pakhonde pake ku Malawi ikhoza kulumphira yokha pa netiweki ya kutsidya, n'kuyamba kumudya mayunitsi ngati ali paulendo wa kunja. Njira yodzitetezera ndi kulowa m'makonzedwe a foni n'kusankha netiweki pamanja m'malo moisiya kuti izidzisankhira, koma agogo a kumudzi sayenera kuchita kuphunzira zimenezi kuti asalipire ulendo womwe sadayende.

Ndikaika zonsezi pasikelo, sindiona dziko loti tilitengere lonse. Kwa Mozambique ndikufuna titengeko kampani yachitatu yeniyeni, yomwe chiphaso chake chidzanene poyera kuti iyambire kumidzi ndipo ikalephera pa nthawi yoikika chilandidwe, kusiyana ndi ziphaso zongosungidwa m'kabati. Thumba la ndalama lofalitsira netiweki kumadera osafikidwa lomwe lamulo la 2016 lidaika m'manja mwa MACRA liyenera kuoneka ntchito yake m'mapiri a Dedza ndi m'zigwa za Bwanje, ndipo anthu auzidwe nsanja zomwe lamanga. Kwa Zambia ndikufuna titengeko chitsimikizo cholembedwa chakuti palibe amene angazimitse intaneti popanda kuyankha kubwalo, ndipo chikhalepo chisankho china chisanafike.

Zotsalazo ndi zathu zomwe, ndipo sizifuna ndalama zambiri. A CFTC ndi a MACRA azibwera pa masiku a msika pa Lizulu, pa Tsangano ndi pa Chimbiya ndi tebulo lolandirira madandaulo m'Chichewa, ndipo khonsolo ya boma ikamapereka chiphaso cha shopu izionetsetsa kuti pakhoma palibe mawu okaniza kubweza katundu wowonongeka. MACRA ndi INCM akhale pansi agwirizane za anthu a m'malire, kuti Mmalawi athe kulembetsa layini ya kutsidya ndi chiphaso chake cha unzika, wa ku Angónia naye alembetse ya kuno ndi chake, ndiponso kuti foni yolumphira yokha pa nsanja ya dziko lina isamalipiritsidwe ngati ya mlendo. Mpaka zimenezi zitachitika, amene ali ndi simukhadi ya kutsidya aigwiritse ntchito pa intaneti ngati ikumupepukira, koma ndalama za mbewu ndi za fizi azisunge pa layini yomwe ili m'dzina lake.