Munadzaza fomu musanaponye n'komwe dayisi

Nkhani iyi ndakhala nayo kukhosi kwa nthawi ndithu, lero bola ndiilavule. Amene simusewera Dungeons & Dragons mundikhululukire, koma mutha kuwerengabe chifukwa khalidwe lomwe ndikudandaulali silamugemu mokha ayi.

Mwachidule kwa osadziwa: ndi masewera okhala patebulo, aliyense amakhala ndi munthu wake wongopeka, wina wankhondo wina wamatsenga wina wakuba, ndiye pamakhala m'modzi wofotokoza nthano ndi kuyendetsa zilombo, timati DM. Ukafuna kuchita chinthu chovuta umaponya dayisi ya mbali 20. Gemuyi inayamba 1974 ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson, ndipo malamulo omwe ambirife tinaphunzirira ndi a 2014. Ineyo ndine DM wa kagulu kathu, tilipo asanu, timakumana Loweruka madzulo kwanga kuno ku Joni ndipo ndine ndimaphikanso, nkhani ina imeneyo.

Mu Ogasiti 2022 a Wizards of the Coast, kampani yomwe imapanga gemuyi, analengeza kuti akukonza malamulo atsopano, nthawi imeneyo ankawatchula One D&D, ndipo anati tizikutulutsirani pang'onopang'ono ma PDF aulere, muyese kunyumba kwanu kenako mudzaze fomu kutiuza zomwe mwakonda ndi zomwe simunakonde. Zabwinobwino. Anachitaponso zimenezi kuyambira 2012 pokonza a 2014 aja. Koma abale, PDF yoyamba ija itangotuluka, tsiku lisanathe n'komwe anthu anali atagamula kale mlandu. Mavidiyo pa YouTube a ola lathunthu, munthu nkhope yofiira akuti gemu yafa. Ndimadzifunsa kuti kodi iwe wasewera liti? Kusonkhanitsa anthu asanu akuluakulu a ntchito ndi ana kuti akhale patebulo limodzi zimanditengera sabata ziwiri ine, iwe maola asanu wayesa kale mpaka wapeza kuti sizikuyenda?

Nditenge lamulo limodzi lomwe linandiwawa kwambiri atalibweza. Mu PDF yoyambayo anati zilombo zisamamenyenso critical, ija yoti dayisi ikagwa pa 20 madayisi a kuvulaza umaponya kawiri. Osewera okha ndi omwe azimenya critical, komanso ndi zida kapena nkhonya basi, osati ma spell. Anthu anakuwa kuti mwatichotsera mantha, gemu yasanduka ya ana. Ine ndinaliyesa lamuloli magemu atatu ndipo ndinalikonda, chifukwa ndikukumbuka zomwe zinachitikira mlamu wanga tsiku lake loyamba. Mtsikanayo ndinachita kumunyengerera miyezi, iye ankati zimenezo n'za anthu osowa chochita. Atavomera anakhala madzulo onse kupanga wizard wake, anamupatsa dzina, mbiri, mpaka anajambula kankhope pakona ya pepala ndi bolopeni yofiira. Level 1, poyambira penipeni, ma hit point 8, manambala a moyo wake omwe amachepa akavulazidwa. Nkhondo yoyamba yeniyeni, orc, chilombo cha nkhwangwa yaikulu, ndaponya dayisi pamaso pa onse, 20. Madayisi awiri a mbali 12 kuphatikizapo 3, zinakwana 21. Malamulo amati zotsala zikafika pa ma hit point ako onse wafa pomwepo, palibe zoti anzako akudzutse, apa zotsala zinali 13 pa 8. Wizard anafa asanaponye spell ngakhale imodzi. Mlamu anangoti "basi?" kenako anapinda pepala lija kanayi n'kuliika m'chikwama, anapita kukhitchini kukathandiza mkazi wanga kutsuka mbale. Zinanditengera chaka kuti abwerenso patebulo.

Ndiye wina amene wasewera zaka 15, yemwe munthu wake akafa amangoseka n'kutulutsa pepala lina m'fayilo, akamati critical ya chilombo ndiye kukoma kwa gemu, akunena zoona za iyeyo. Koma fomu ija amadzaza ndi iyeyo. Mlamu wanga sanadzaze fomu, sankadziwa n'komwe kuti kuli fomu. Buku litatuluka zilombo zinabwereranso kumenya critical ngati kale.

Sindikunena kuti zonse zomwe anthu anakana zinali zabwino ayi, ndisanamizire. Lija loti 20 ndi kupambana pa chilichonse, ngakhale pa luso wamba, linali lopanda mutu, ndipo ife tinaliona kuipa kwake tsiku loyamba lomwe. Mnzathu wina, amene amasewera wakuba nthawi zonse ndipo ndikuganiza m'moyo weniweni amangodziletsa, anayamba kupempha kuponya pa china chilichonse. Ndiuze mfumu indipatse mpando wake. Ndilumphe chigwa chonsechi. Akudziwa kuti kamodzi pa 20 zitheka. Ndinatopa kumukaniza kuponya. Limenelo analichotsa ndipo ndinaombera m'manja. Ardling uja, mtundu watsopano wa anthu a mitu ya nyama ochokera kumwamba, sindinamulire atamuchotsa, anthu ankafuna aasimar, mtundu wakale wa anthu a magazi a angelo, ndipo anawapatsa aasimar wawoyo. Chomwe ndikunena n'choti ife tinadziwa kuipa kwake titasewera. Kusiyana kwake n'kumeneko.

Pa druid ndiye panali maliro enieni, Febuluwale 2023. Kwa osadziwa, druid amasanduka nyama. M'malamulo a 2014 umasankha nyama m'buku la zilombo n'kutenga manambala ake onse. Atsopanowo anati ayi, pakhale mafomu atatu okha, nyama ya pamtunda, ya m'madzi ndi ya mlengalenga, manambala ake amodzimodzi, iweyo uzingonena kuti ndine fisi kapena ndine chimbalangondo. Intaneti inayaka moto. Ndipo penapake anali ndi mfundo, chifukwa ukasanduka sunkapezanso ma hit point a nyamayo, ndiye chimbalangondo chako chinali chofewa ngati mwini wake, komanso kusanduka kanthu kakang'ono ngati khoswe kuti ukazonde anakukankhira kutali mpaka level 11, pomwe magulu ambiri safikako n'komwe. Zimenezo zinali zofunika kukonza. Kukonza, osati kutaya. Amene munakhalapo DM mukudziwa zomwe zimachitika druid akati ndikusanduka: gemu imaima. Munthu akutsegula buku, akuyerekeza nkhandwe ndi kangaude, akufunsa ngati anaionapo ng'ona m'moyo mwake, ena onse atenga mafoni, nsima yomwe ndaphika ija ikuzizira. Mphindi khumi pa chisankho chimodzi. Ganizo la fomu imodzi linkathetsa zimenezi. Koma poti anthu anaipatsa mamakisi otsika fomu yonseyo, ganizo labwino linapita limodzi ndi manambala oipa, tinabwerera kotsegula buku.

Apa ndi pomwe ndimaona kuti njira yofunsira ija inali ndi vuto lake. Jeremy Crawford, yemwe ankatsogolera zolemba malamulowa, anafotokoza poyera m'mavidiyo kuti amayang'ana maperesenti a okhutira: chinthu chikafika cha m'ma 70 ndiye kuti chili panjira, 80 kupita m'mwamba anthu achikonda, chikagwa pansi pa 60 chili pangozi yochotsedwa. Tsono munthu ukadziwa zimenezi umatani? Sukhalanso woyesa, umakhala wovota. Ndipo wovota amachita kampeni. Ndinaona ndi maso anga anthu akuuzana kuti aliyense akaike "very dissatisfied" pa zonse za warlock, mtundu wina wa wamatsenga, musasiyeko ngakhale chimodzi, kuti amve. Warlock anamusintha mu Epulo 2023, anamuchotsera matsenga ake aja obwerera ukapuma pang'ono n'kumupanga wamatsenga wa theka chabe ngati paladin ndi ranger, pofika Seputembala anamubwezera mwakale. Mwina kubwezako kunali kolondola, ine pagulu langa palibe warlock ndiye sindiyankhula zambiri, komatu ndi mfundo yanga yomweyo, ine sindinayese ndiye gawo limenelo pafomu ndinalidumpha. Angati anadumpha?

Ndiyeno tisaiwale kuti anthu anali ndi mkwiyo wina kale. Januwale 2023 kunatuluka nkhani ya OGL, chilolezo chija chomwe kuyambira 2000 chimalola makampani ang'onoang'ono kulemba mabuku ogwirizana ndi D&D, zitamveka kuti akufuna kuchisintha mowapanikiza. Anthu anakwiya koopsa, ambiri analetsa ma subscription awo a pa webusaiti ya D&D Beyond, mpaka kampaniyo inabwerera m'mbuyo mwezi womwewo n'kuika malamulo oyambira pansi pa Creative Commons. Pamenepo anthu anachita bwino, ine ndinali nawo. Koma druid uja anatuluka patangopita milungu yochepa, anthu mitima idakali m'mwamba, atangolawa kuti tikakuwa amamva. Ukamenya galu wolusa n'kuthawa, mawa lake ngakhale mbuzi ikadutsa umatola mwala.

Zina zinapulumuka, ndisakhale ngati ndikungolira. Weapon Mastery, yoti chida chilichonse chili ndi kachinthu kake, china chimagwetsa mdani china chimamukankha china chimamuchedwetsa, anthu anaikonda ndipo ili m'buku. Wankhondo wa pagulu lathu, bambo wofatsa amene kwa zaka zitatu mawu ake pa nkhondo anali "ndikumenya" basi, pano amachita kuganiza, mpaka amadzuka pampando kuloza pamapu. Feat, luso lapadera loonjezera, pa level 1 inakhala. Mawu oti race anawasintha kukhala species. Half-elf ndi half-orc m'buku latsopano mulibe, ndipo apo pali ondidandaulira mpaka lero ngati ndinachotsa ndine. Koma taonani mndandanda wa zomwe zinapulumuka: pafupifupi zonse ndi zoonjezera mphamvu kwa osewera. Zomwe zinkachepetsa ntchito ya DM kapena kuteteza watsopano, kapena zongosintha chizolowezi ngati kuika ma spell onse m'magulu atatu a Arcane, Divine ndi Primal, zambiri zinagwa. Sizodabwitsa, patebulo lililonse osewera ndi anayi kapena asanu DM ndi m'modzi, mukavota mwadziwa kale wopambana. Ndipo munthu ukamufunsa kuti ndikuonjezere nyama kapena ndikuchotsere, sayamba walawa kaye.

Player's Handbook yatsopano inatuluka Seputembala 2024, gemu itakwanitsa zaka 50, buku la DM mu Novembala, la zilombo Febuluwale 2025. Ndinagula, ndi buku labwino, lolongosoka kuposa la 2014 makamaka kwa munthu woyamba kumene. Koma ukaliwerenga uli ndi ma PDF oyamba aja pambali umaona kuti anayamba ulendo wopita patali n'kukathera pa sitolo ya pakona. Dzina la One D&D lomwe analisiya, ndi fifth edition ya 2014 yomweyo yochapidwa. Ndiye chondiseketsa, ena mwa omwe ankakuwa kuti musasinthe kalikonse ndi omwewo pano akuti tagula buku lomwelomwelo kawiri. Achimwene, munapempha nokha.

Ine patebulo langa lamulo lija ndinalisunga. Kuyambira level 1 mpaka 3 zilombo zanga sizimenya critical, kupitirira apo aliyense adziwonere yekha. Mlamu anabwerera, pano akusewera druid, ndipo inde amaimitsa gemu kufufuza nyama m'buku, ndinamulembera makhadi anayi kuti azisankhapo koma amafunabe kuona zonse. Loweruka lapitali anasanduka kangaude wamkulu atatha mphindi zisanu ndi ziwiri akusankha, ndinachita kuwerenga pa wotchi ya pa stovu.