Lekani kusaka 0.05 ngati mbewa

Wakutsina khutu ndi mnansi. Inu amene mukulemba kafukufuku wa digiri, ndi inu aphunzitsi amene mumasaina mapepala awo musanawawerenge, khalani pansi mumve. Khalidwe lothira deta mu pulogalamu ya pakompyuta ya SPSS kapena Stata n'kumadina apa ndi apo mpaka p-value itatsika pansi pa 0.05 musamalitche kusanthula. Imeneyo ndi juga.

Kodi nambalayi mukuidziwa chimene imanena? Mumayamba ndi null hypothesis, ganizo loti palibe kusiyana kulikonse, tinene pakati pa chimanga cha manyowa ndi cha feteleza. P-value imayankha funso limodzi lokha: kukanakhala kuti kusiyana kulibedi, ndi kangati pamene zotsatira ngati zanuzo, kapena zoposa pamenepo, zikanatuluka mwamwayi? Basi. Siinena kuti ganizo lanu ndi loona, siinenanso kuti kusiyanako n'kwakukulu. Malire a 0.05 anatchuka kudzera mwa Ronald Fisher mu 1925 chifukwa anali osavuta powerengera, sanagwe kuchokera kumwamba ayi. Mu 2016 bungwe la American Statistical Association linachita kutulutsa chikalata chodzudzula mmene anthu akuiseweretsera nambalayi.

Taonani masamu a juga yanuyo. Mukayesa zinthu 20 zosadalirana, pomwe palibe ngakhale chimodzi chenicheni, mwayi woti china chituluke pansi pa 0.05 ndi 64 pa 100. Ndiye inu mumatola chimodzicho, n'kuchiika pamutu wa pepala, 19 zinazo n'kuzikwirira. Manyazi mulibe? Ngati mwayesadi zinthu 20, zilembeni zonse, ndipo gawani 0.05 ndi 20 monga mwa njira ya Bonferroni, malire anu akhale 0.0025. Chimodzimodzi inu amene mumafunsa anthu 30, n'kusuzumira p, n'kuwonjezera ena 10, n'kusuzumiranso, n'kuima pokhapokha yatsika. Kusuzumira kulikonse kumawonjezera mpata wopeza bodza. Enanso amafufuta mayankho amene akuwasokoneza n'kumati anali olakwika, chonsecho sanalembe chifukwa chake.

Zipatso zake zinaoneka kale. Mu 2015 gulu la Open Science Collaboration linatulutsa zotsatira za ntchito yobwereza makafukufuku 100 a psychology. Pa oyambirirawo, 97 anali atapeza p yotsika pansi pa 0.05, koma powabwereza ndi pafupifupi 36 okha pa 100 amene p yawo inatsikanso.

Kulakwa kwina kumayambira kumunda, kompyuta isanayatsidwe n'komwe. Mukathira manyowa pa puloti imodzi, feteleza pa puloti ina, n'kuyeza mapesi 50 mbali iliyonse, musamati muli ndi sampulo ya 100. Muli ndi mapuloti awiri. Mapesi a pa puloti imodzi amadya nthaka imodzi ndi kumwa madzi amodzi, choncho simungadziwe ngati chasiyanitsa ndi manyowa kapena chulu chimene chili pakona. Mabanja a m'mudzi umodzi kapena ana a m'kalasi imodzi alinso choncho, ndipo t-test wamba, njira yofananitsira avereji ya magulu awiri, sadziwa zimenezo, amangokupatsani p wamng'ono wonama.

Nanga p ikatuluka 0.20, bwanji mumalemba kuti palibe kusiyana? Mwina sampulo yanu ndiyo yachepa. Kuti t-test igwire kusiyana kwapakatikati, kofika theka la standard deviation (muyeso wa mmene nambala zamwazikira), maulendo 80 pa 100, pamafunika anthu pafupifupi 64 pagulu lililonse. Inu muli ndi 12. Lembani kuti simunapeze umboni wokwanira.

Tina ting'onoting'ono timene timakuyalutsani pamaso pa oyesa: chi-square, test yofananitsa kuchuluka kwa anthu kapena zinthu m'magulu, siidalirika pamene nambala zoyembekezereka m'mabokosi a tebulo lanu zili pansi pa 5, pamenepo gwiritsani Fisher's exact test. Mukayeza anthu omwewo kawiri, asanalandire chithandizo ndi atalandira, test yake ndi paired t-test. SPSS ikaonetsa .000, lembani p < 0.001, chifukwa p siifika pa ziro.

Musanatuluke ndi mafomu a mafunso, lembani pa pepala funso lanu lalikulu, test imene mudzagwiritse, kukula kwa sampulo ndi lamulo lochotsera mayankho okayikitsa. Ikanipo deti, aphunzitsi anu asaine, musadzasinthenso mutaona deta. Polemba zotsatira, nenani kusiyanako m'makilogalamu pa hekitala, pamodzi ndi confidence interval yake (malire oonetsa pamene kusiyana kwenikweni kungakhale), kuti mlangizi wa zaulimi athe kuona ngati matumba owonjezerawo angabweze ndalama ya feteleza.