Wapeza mwamuna, ndiye mfuti ataye?

Usiku wathawu ndinazimitsa foni ndili ndi mkwiyo, buku litatsala masamba 20 kuti lithe. Dzina lake sinditchula. Ndi limodzi mwa mabuku aja a nthano za sayansi osakaniza ndi chikondi, amene mkazi amakhala mkulu wa chombo chankhondo cha m'mlengalenga, asilikali mazanamazana akumvera mawu ake. Masamba 300 onse mayiyu wakhala akuphwasula adani, wavulala, wadzisoka yekha bala, wakwirira anzake. Kenako watulukira mnyamata wamtali wochokera ku pulaneti ina. Basi, zonse zathera pomwepo. Pankhondo yomaliza mayi uja wakomoka, mnyamata wamunyamula paphewa ngati thumba la chimanga, ndipo mfuti ija sitinaimvenso. Ndiye ndinkagoneranji mochedwa sabata yonseyi?

Musandimve molakwa, abale anga. Mabuku achikondi ali ndi lamulo lawo: awiriwo ayenera kutsiriza ali limodzi, owerenga atseke buku mtima uli m'malo. Ine lamuloli ndimalikonda, n'chifukwa chake ndimagula mabukuwa. Chimene chimandinyansa n'choti alembi ambiri amaganiza kuti chikondi chikalowa pakhomo, mphamvu za mkazi zitulukire pawindo. Amamupatsa lupanga kuti tikopeke ndi chikuto, mwamuna akangofika n'kumulanda.

Akazi ankhondo sanayambire m'mabuku ayi. Ku Dahomey, komwe lero ndi dziko la Benin, kunali gulu la asilikali aakazi lotchedwa Agojie. M'nthawi ya mfumu Ghezo, yomwe inalamulira kuyambira 1818 mpaka 1858, analipo zikwi zingapo, ndipo mu 1892 anamenyana ndi Afalansa maso ndi maso. Sindikuti anali angelo, ufumu umenewo unkagwira anthu n'kumawagulitsa ukapolo. Koma taonani ichi: akaziwa ankawerengedwa ngati akazi a mfumu, ndipo sankaloledwa kukwatiwa kapena kubereka ali pa usilikali. Anawapatsa mfuti, banja n'kuwamana. Tsono mlembi wa lero ali ndi mlengalenga wonse m'manja mwake, akhoza kupeka mapulaneti, zilankhulo, ngakhale anthu a mitu iwiri, koma akulephera kupeka mkazi amene ali ndi zonse ziwiri? Akungobwereza lamulo la Ghezo molitembenuza: kale ankati usilikali popanda banja, iye akuti banja popanda usilikali.

Pali buku limodzi limene ndimabwererako ndikakhumudwa chonchi, ndipo amene simunaliwerenge mundikhululukire, ndiulula mathero. Lois McMaster Bujold anatulutsa Shards of Honor mu 1986, n'kupitiriza nkhaniyo mu Barrayar mu 1991, buku lomwe linapata Hugo, mphoto yotchuka ya nthano za sayansi. Cordelia, mwini nkhani m'mabukuwa, si kamtsikana, ndi mayi wa zaka zoposa 30, mtsogoleri wa chombo chofufuza mapulaneti, ndipo mwamuna amene amamukonda, Aral, ndi mkulu wa asilikali a mbali ya adani. Inde, ndi Cordelia amene amasiya kwawo kukakhala kwa mwamuna, ndipo pamenepo ndinang'ung'udza pang'ono. Koma dikirani. Ali woyembekezera amapuma utsi wa poizoni umene adani anaponyera mwamuna wake, mwana n'kusamutsidwira m'makina ogwira ntchito ya chiberekero. Nkhondo yolimbirana ufumu itabuka, makinawo agwera m'manja mwa woukira boma. Aral akuti sangaike asilikali pachiswe chifukwa cha mwana wake yekha pamene anthu ena ambiri nawonso abale awo agwidwa. Ndipo sakunama, mfundo yake ndi yomveka. Cordelia sakukhala pansi n'kumalira. Atenga anthu ochepa, alowa mumzinda mozemba, abwera ndi mwana wake, komanso mutu wa woukira uja uli m'chikwama. Ukwati wawo sunathe, ndipo palibe amene anachepa pamaso pa mnzake. Mkangano wa awiriwa ndi umene unandigwira mtima kuposa kupsompsonana konse kwa m'mabuku ena aja.

China chimene alembi aulesi amataya ndi sayansi yeniyeniyo, pamene ndi imene ikanawapatsa misozi yaulere. Uthenga wa pa wailesi kuchoka pano kukafika ku Mars umatenga mphindi 3 mpaka 22, malinga ndi pamene mapulaneti awiriwa ali. Nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu, Proxima Centauri, kuwala kwake kumatenga zaka zoposa 4 kuti kutipeze. Ukalemba kuti "ndakusowa", yankho lidzakupeza patatha zaka 8 ndi miyezi. Ife timakwiya munthu akawerenga uthenga pa WhatsApp n'kukhala ola limodzi osayankha! Ndiye pali zija anafotokoza Einstein mu 1905, zoti ukathamanga kuyandikira liwiro la kuwala nthawi yako imayenda pang'onopang'ono. Chombo chikamayenda pa 99 peresenti ya liwirolo, chaka chimodzi cha m'chombo ndi zaka pafupifupi 7 kwa wotsala kunyumba. Msilikali wathu apite kunkhondo zaka ziwiri zokha, pobwera apeza mwamuna wake wamera imvi, mwana amene anamusiya akuyamwa ali ku sekondale.

Nkhani ya kudikira imeneyi ife siyachilendo. Agogo athu aakazi anadikira amuna amene anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, kalata ikubwera mwa apo ndi apo, ena osabwerako n'komwe mpaka kutchedwa matchona. Nthawi zonse wodikira anali mkazi. Buku limene ndikulifuna ine ndi loti wodikirayo akhale bambo: alere ana, achibale azimunong'oneza kuti "kwatirani wina, achimwene, ameneuja sabweranso", iye n'kumakana. Mkazi akabwera ali ndi zipsera, akudzidzimuka usiku, wazolowera kulamula ndipo sadziwanso kupempha, apo ndiye chikondi chiyesedwe. Kodi bamboyo apirira kukhala ndi munthu amene dziko lonse limamuimbira sawasha? Nanga mkaziyo akaitanidwanso kunkhondo, apita?

Mnzanga wina nditamudandaulira anandiseka, amvekere, "Iwe, anthu amawerenga zimenezi kuti apume, osati kuti alembe mayeso a fizikisi." Mwina akunena zoona. Komatu ine sindipuma ndikamaona mkazi amene wagwetsa zombo 10 akupunthwa pa kamwala kuti mnyamata apeze chochita.

Masamba 20 aja ndiwamaliza usiku uno magetsi akapanda kuzima, poti buku ndinagula ndi ndalama zanga. Mayi wokomoka uja akadzuka n'kufunsa kuti mfuti yake ili kuti, ndibwera pompano kudzapepesa.