2022 ija sindikuyiwala, chaka cha mdima ndi chigoli cha Gaba

Facebook yandibweretsera kachithunzi ka Januwale 2022 m'mawa uno, kachithunzi kakuda bii kosaoneka nkhope ya munthu, kukungooneka kuwala kwa TV ndi mitu ya anthu basi. Tsiku lonse mutu wanga wakhala uli ku chaka chimene chija ndiye ndati bola ndilembe. Ndi zazitali abale anga, mundipirire.

Amene mukukumbukira mukudziwa kuti Lolemba pa 24 Januwale namondwe Ana anatifika. Kwathu kuno ku Bangwe mvula inagwa usana ndi usiku osapumira, mphepo ikukoka malata ngati munthu akufuna kulowa, kenako magetsi phethi, dziko lonse mdima. Kutacha ndi pomwe tinamva kuti madzi a Shire agumula damu ku Kapichira, malo omwe amatipatsa pafupifupi ma megawati 130, kuti msewu wa M1 waduka ku Chikwawa, anthu kumeneko ndi ku Nsanje athawira m'masukulu ndi m'matchalitchi, ena katundu yense wapita ndi madzi. Ndiye Lachiwiri lomwelo, pa 25, 9 koloko usiku, Flames imasewera ndi Morocco ku Yaoundé, ku Cameroon. Koyamba m'mbiri yathu kudutsa m'magulu pa AFCON, chikho cha mayiko a mu Africa. Mu 1984 tinabwerera m'magulu, mu 2010 tinamenya Algeria 3-0 koma tinabwererabe m'magulu momwemo, ulendo uno tinadutsa, koma magetsi kulibe.

Ine ndinatenga mwana wanga wamwamuna, nthawi imeneyo anali sitandade 4, tinayenda m'matope ndi tochi ya pafoni mpaka ku vidiyo sho ina kumsika komwe mwini wake anali ndi jenereta. Petulo anali wochepa, tinachita kusonkherana, wina 200 wina 500, mnyamata wina nkuthamanga ndi kachigubu. Mkatimo fungo la zovala zonyowa ndi utsi wa jenereta, mabenchi anadzaza kalekale, mwana ndinamunyamula pakhosi. Mpira utangoyamba, mphindi 7 zokha, Gabadinho Mhango analandira mpira kutali uko pafupi ndi pakati pa bwalo, anangodzutsa mutu kamodzi nkuona kuti Bono, goloboyi wa Morocco, wasuntha pagolo, basi anaumasula. Mpira uja unayenda m'mwamba ife tonse ziii, kenako ukonde gwedegwede. Abale, phokoso lomwe linatuluka m'kanyumba kaja sindinalimvepo chibadwire. Bambo wina wachikulire yemwe sindimamudziwa nkomwe anandikumbatira akulira, mwana wanga akundimenya pamutu ndi timanja take akukuwa Gaba Gaba, kunja agalu akuuwa, mumdima monsemo anthu akuimba malikhweru chifukwa ena amamvera pawailesi ya mabatire. Tinaluza inde, En-Nesyri anabweza ndi mutu tikupita kopuma, Hakimi nkudzamenya firikiki yoopsa ija, 2-1, koma Charles Thom anagwira mipira usiku umenewo moti Morocco ikanatha kutimwetsa zambiri. Pobwerera kunyumba palibe amene amayenda ngati woluza.

Ndipo musaiwale kuti Gaba yemweyo ndi amene anamwetsa zigoli ziwiri pomwe tinamenya Zimbabwe 2-1, komanso Senegal ya Sadio Mané, yomwe inadzatenga chikhocho, tinalepherana nayo 0-0, oyimbira atatipatsa penate kenako nkuyibweza atakaona pa VAR. Mpaka lero mtima wanga sunavomere za penate ija.

Chomwe ndikufuna kunena kwenikweni ndi ichi. Chaka chimene chija zinthu zomwe zinatigwira mtima kuti tisagwe mphwayi zinachokera kwa anthu athu omwe, ana a kwathu konkuno, koma ife timawazindikira mochedwa, mwina akunja akayamba kuwaombera m'manja, mwina akamwalira. Izi zimandipweteka ndithu. Gaba asanapite ku Cameroon anali akukhalira pa benchi ku Orlando Pirates, ndipo pa masamba pompano anthu amamunena kuti watha, kuyiwala kuti mu sizoni ya 2019/20 anamwetsa zigoli 16 mu ligi ya ku South Africa, kufanana ndi Peter Shalulile pamwamba. Chigoli chija chitazungulira dziko lonse, CAF nkuchiika pa zigoli zitatu zopambana za chaka, ndi pomwe tonse tinasanduka achibale ake. Koma ana omwe akusewera chikulunga pafumbi kuseri kwa nyumba yanga akuseweratu pafumbi pomwepo, opanda nsapato, opanda wowayang'ana, ndipo Gaba wina ali pomwepo.

Chitsanzo china ndi agogo athu a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu. Munthu wobadwa mu 1930, wayimba ndi gitala yake zaka makumimakumi, ife tikukula tinkawamva pa wailesi ndipo ambiri tinkangowatenga ngati nkhalamba yoseketsa yoyimba za kale. Patience Namadingo atakhala nawo pansi mu 2020 nkuyimba nawo limodzi nyimbo zawo zija, ndi pomwe achinyamata anatsegula makutu. Ndiye kumapeto kwa 2021 kulowa mu 2022 Linny Hoo inaphulika pa TikTok, anthu a m'mayiko omwe sadziwa ngakhale komwe Malawi ali akuvina, akuyika pa mavidiyo awo, mamiliyoni ndi mamiliyoni. Mdzukulu wa mchemwali wanga anandionetsa pafoni mzungu akuyesera kutchula mawu ake, ndinaseka ndi chimwemwe koma kenako ndinakhala chete. Agogowo amakwanitsa zaka 92 Januwale yemweyo. Zaka 92! Ulemu womwe anayenera kuulandira ali ndi mphamvu zoyenda ndi kudya bwino thukuta lawo unadzabwera mano atatha. Ndipo funso lomwe ndinali nalo nthawi ija ndikadali nalo, anthu mamiliyoni akamavina nyimbo ya munthu, m'thumba mwake mumalowa zingati? Ife tomwe timakonda kutumizirana nyimbo pa WhatsApp ndi kukopetsa pa memore kadi kumsika ndi 200 kwacha, woyimba osaona kanthu. Inenso ndachitapo zimenezo kambirimbiri ndipo chaka chimenecho ndi pomwe ndinayamba kuona kuti sibwino.

Meyi ndiye unali mwezi wowawa. Pa 23 tinamva kuti woyimba Martse watisiya, atapsa ndi moto m'nyumba ku Cape Maclear ku Mangochi, nkukamwalirira ku Queens. Mnyamata wa zaka 28 zokha. Ndinali mu minibasi yochokera ku Limbe pomwe uthenga unayamba kuzungulira, mtsikana yemwe ndinakhala naye mpando umodzi anangoti mayo ine nkugwira pakamwa, kondakitala anasiya kutolera ndalama nkuyamba kufunsa kuti zoona? zoona? dalaivala nkuyika nyimbo zake mpaka tinafika. Sabata imeneyo sitetasi ya aliyense inali Martse, ma wailesi onse Martse, m'mabala Martse. Koma ali moyo ambiri timangodziwa zomunena, kuti ndi wamwano, kuti ndi wovuta, ochepa okha ndi omwe amalankhula za madesiki omwe ankayesetsa kupezera ana m'masukulu a pulayimale. Zabwino zake tinadzaziwerenga pamaliro. Sindikunena kuti anali mngelo ayi, anali munthu ngati ife, koma luso lake la kalankhulidwe, mmene ankapindira Chichewa cha m'tauni kuti chikhale nyimbo, linali loyenera kuyamikiridwa iye akumva.

Tisanapukute misozi, sabata yomweyo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Apa ndiye moyo unasintha m'nyumba mwathu. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine yomwe inayamba mu Febuluwale ife tinkaiona ngati ya kutali, koma inatipeza pa mafuta ophikira, pa buledi, pa feteleza. Mayi a kunyumba anasiya kugula mafuta a m'botolo nkuyamba kugula oyeza a m'timapepala, mandazi omwe ankakazinga kuti azithandizira pakhomo anasiya kaye chifukwa phindu panalibe. Magetsi nawo amathima maola ochuluka tsiku lililonse chifukwa Kapichira chaka chinatha isanakonzeke, ometa, owotcherera, a zigayo, onse manja m'thumba, makala nkukwera mtengo, mitengo ya m'mapiri nkumapita. Kenako mizere ya petulo. Amene munagonapo pa filing'i siteshoni mukudziwa, magalimoto mzere mpaka kukhota, akabaza a njinga zamoto akukankha njinga zawo, ma gulupu a WhatsApp ongouzana kuti thanki yafika pakuti thamangani. Kolera inayamba mu Malichi ku Machinga, tinkaganiza kuti ikatha mvula itha, koma inadutsa chilimwe chonse nkufalikira m'maboma pafupifupi onse, pofika Disembala anthu mazanamazana anali atapita. Kumudzi kwathu tinayika mwana wa msuweni wanga, anadwala m'mawa, pofika usiku kunalibe. Chimenechi sindichilemba zambiri.

Pakati pa zonsezi anthu amavinabe, ndipo ine sindiwaweruza. Chinali chaka cha amapiano, paukwati uliwonse, pa bridal shower iliyonse ng'oma yake yomweyo ya ku South Africa, ndi Buga ya Kizz Daniel yomwe ngakhale ana a ku nazale amakweza mapewa akaimva. Koma chomwe chinandisangalatsa ndi choti anyamata athu monga Eli Njuchi ndi Driemo anayamba kumveka m'minibasi ndi m'mashopu mofanana ndi a ku Nigeria, ana a sukulu akuyimba mawu onse pamtima m'Chichewa. Kale DJ amayika nyimbo za kwathu kumayambiriro anthu asanabwere, za kunja nkusungira pakati pausiku, koma chaka chimenecho ndinaona zikutembenuka. Amenewa ndi omwe ndikuti tiwagwire dzanja pano akadali anyamata, tilipire pakhomo akamayimba osati kudikira kulowa ulere, tisadikire kuti afike zaka za a Giddes.

Za kunja zinalipo zambiri, Will Smith kumenya mnzake mbama pa Oscars mu Malichi, ma meme sabata yathunthu, Mfumukazi Elizabeth kumwalira pa 8 Seputembala anthu nkumakangana pa masamba ngati tilire kapena tikumbuke za atsamunda. Ine zimenezo zinangondidutsa, mutu unali pa mtengo wa thumba la chimanga. Ndale nazo zinatentha kumapeto, a Chilima, omwe anali wachiwiri kwa pulezidenti, kumangidwa ndi bungwe lothana ndi katangale la ACB mu Novembala, kenako pa 6 Disembala m'bandakucha apolisi nkukatenga mayi Martha Chizuma, mkulu wa ACB yemweyo, kunyumba kwawo. Tsiku limenelo anthu anakwiya kwambiri, foni iliyonse nkhani inali yomweyo.

Ndipo madzulo a tsiku lomwelo la 6 Disembala ndi pomwe Morocco imasewera ndi Spain ku Qatar pa World Cup. Magetsi kwathu anali atathima kachikena, ndiye ine ndi mwana wanga tinabwerera ku vidiyo sho yomwe ija, benchi yomweyo, jenereta yomweyo. Anthu omwe mu Januwale tinkaitukwana Morocco tonse tinali mbali yake, chifukwa inali itanyamula Africa. Mpira unatha 0-0 nkupita ku mapenate, Bono akugwira mapenate a Spain ngati akutola mango, Hakimi nkudzamaliza ndi kakuponya kofewa pakati pa golo. Patapita masiku anayi En-Nesyri anadumpha nkumwetsa Portugal ya Ronaldo ndi mutu, ndendende mmene anatichitira ife, Morocco nkukhala timu yoyamba ya mu Africa kufika mu semifainolo. Anthu atatu omwewo, Bono, Hakimi, En-Nesyri, omwe anyamata athu analimbana nawo mphindi 90 ku Yaoundé dziko lathu lili mumdima ndi m'madzi.

Pomwe Bono amagwira penate yachiwiri ija anthu akudumpha, mwana wanga anandikoka malaya, pano anali atakula pang'ono osafunanso kunyamulidwa, anaimirira pa benchi. Anandiyandikira kukhutu chifukwa cha phokoso nkundifunsa kuti adadi, goloboyi ameneyu si yemwe uja Gaba anamugoletsa ali pakati pa galaundi? Ndinati ndi yemweyo mwanawe. Anatembenuka nkuyamba kuuza aliyense amene anali pafupi, mmodzimmodzi, kuti uyu ife tinamugoletsa, uyu ife tinamugoletsa, mpaka bambo wina anamunyamula m'mwamba.