Ma hydraulic pa Impala ya 1964 si kuwononga galimoto

Pali anthu okonda magalimoto akale amene amapsa mtima akaona Chevrolet Impala ya 1964 ikudumpha ndi ma hydraulic, mapampu a mafuta okweza ndi kutsitsa galimoto. Amati mwini wake wawononga chuma, galimoto yotere imayenera kukhala momwe inatulukira ku fakitale. Ine sindigwirizana nawo m'pang'ono pomwe, ndipo nkhaniyi imandikhudza.

Ma hydraulic sanabwere chifukwa cha matama chabe. Anyamata a mabanja ochokera ku Mexico okhala ku Los Angeles anayamba kalekale kutsitsa magalimoto awo, ena podula masipuling'i, ena poika matumba a mchenga ku buti, n'kumayenda pang'onopang'ono mumsewu wa Whittier Boulevard kuti aliyense awaone. Mu 1958 boma la California linaletsa galimoto iliyonse yomwe thupi lake latsika kupitirira m'munsi mwa malimu a matayala, apolisi n'kupezerapo chifukwa choimitsira anyamatawa. Chaka chotsatira wokonza magalimoto wina, Ron Aguirre, anatulukira ndi galimoto yake ya Chevrolet Corvette ya 1956 atayiika mapampu ochotsa mu ndege zakale. Akaona wapolisi ankangodina swichi galimoto n'kukwera, akamudutsa n'kuitsitsanso. Lamulo la 1958 lija linachotsedwa bwanamkubwa wa California, Gavin Newsom, atasaina lina mu 2023. Tangoganizani, zaka zoposa 60 anthu akuvutitsidwa chifukwa cha mmene akonzera galimoto yawoyawo! Ndiye munthu akaika mapampu mu Impala, akupitiriza mwambo wa makolo ake, ndipo mwambowo uli ndi zaka zambiri kuposa galimotoyo.

Amene amandikwiyitsa ine ndi ena: ochita ntchitoyi mothamanga. Ku buti kumalowa mapampu awiri kapena anayi ndi mabatire ambirimbiri olumikizidwa motsatizana kuti mphamvu ya magetsi ichuluke. Pampu imakankha mafuta kupita mu silinda ya pa tayala lililonse, mafutawo akabwerera mu thanki galimoto imatsika. Katundu yenseyu ndi wolemera zedi. Tsono chasisi ya Impala ya zaka zimenezo inapangidwa ngati chilembo cha X, yopyapyala pakati, ndipo opanga ake sanaganizepo zoti idzanyamuka m'mwamba n'kumenyetseka pansi. Mmisiri wodziwa ntchito amayamba waichotsa, n'kuwotcherera zitsulo zokhuthala m'malo onse ofooka, mapampu n'kubwera pambuyo. Wofuna zachangu amadumpha gawo limeneli poti silioneka ndi maso, kenako chasisi imang'aluka, zitseko n'kuyamba kukana kutsekeka. Mawaya nawonso akalumikizidwa mosasamala, solenoid (swichi yamagetsi yoyatsa pampu) ikangomatirira, moto umabuka ku buti komwe kuli mafuta.

Choncho anzanga, mukaona Impala itatsamira pa matayala atatu lachinayi lili m'malere, musafunse kuti anayiikiranji ma hydraulic. Mufunseni mwini wake ngati chasisi anailimbitsa, komanso kuti anawotcherera ndani.