Bala ya pakhomo kuno ku Tete iyambire pa firiji ndi mthunzi, kauntala ibwere pambuyo

Anthu ambiri amene akumanga nyumba masiku ano ku Matundo, ku Chingodzi, ku Moatize ngakhalenso ku Ulongwe akumasiya malo pabalaza kapena pakhonde oti adzaikepo bala ya pakhomo. Ine ndikuona kuti maganizo amenewa ndi abwino, chifukwa munthu amene amachereza anzake pakhomo pake amamwa ali pafupi ndi banja lake, sayenda mumsewu usiku, komanso amadziwa chimene chathiridwa m'tambula yake. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ndondomeko ya kagulidwe ka zinthu. Ndalama zoyamba zikumapita kwa kalipentala kuti akhome kauntala yaitali, zotsatira zikumathera pa galasi lalikulu la pakhoma ndi timagetsi tamitundumitundu, ndipo pofika nthawi yogula firiji thumba limakhala litaphwa, mwakuti mwini nyumba amangotola iliyonse yotsika mtengo imene wakumana nayo. Kwa ife okhala m'chigawo chino, ndondomeko imeneyi ndi yozondoka.

Ndiyambe ndi firiji, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha mtsinje wa Zambezi, ndipo aliyense wokhala kuno amadziwa kuti m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40 kawirikawiri, ndipo m'nyumba ya malata yopanda silingi kumaposa pamenepo. Zimene ambiri sadziwa n'zakuti mafiriji amapangidwa molingana ndi nyengo za maiko osiyanasiyana, ndipo pa kachitsulo kapena kapepala komatidwa kumbuyo kapena mkati mwa firiji pamalembedwa zilembo zosonyeza zimenezi. Firiji yolembedwa N inapangidwira malo otentha mpaka madigiri 32 basi, yolembedwa ST imapirira mpaka 38, pomwe yolembedwa T imagwira ntchito bwino mpaka madigiri 43. Wogula firiji mu mzinda wa Tete, ku Moatize, ku Changara kapena ku Mutarara ayenera kufunafuna chilembo T asanayambe n'komwe kukambirana za mtengo. Mafiriji ambiri akale amene amabwera kuchokera kumaiko ozizira ndi a N, ndipo akafika kuno injini yake imalira usana ndi usiku osapumira, imadya mayunitsi a magetsi a Credelec mosaneneka, koma mowa wake umatuluka wofunda ndithu. Timafiriji ting'onoting'ono ta chitseko cha galasi timaoneka bwino pansi pa kauntala, koma galasi limalowetsa kutentha kuposa chitseko wamba, choncho ine ndingasankhe firiji ya chitseko chotsekeka bwino ngakhale itakhala yosakopa m'maso.

Mowa wa m'mabotolo, kaya ndi 2M, Manica, Laurentina, Impala kapena Txilar, umakoma ukazizira pakati pa madigiri 3 ndi 5. Ambiri kuno timadalira firiza yaikulu yotsegula chapamwamba, imene imasungadi kuzizira nthawi yaitali magetsi akazima, koma firiza imatsika kufika pa madigiri 18 pansi pa ziro, pomwe mowa umayamba kuuma ukangotsika madigiri awiri kapena atatu pansi pa ziro. Botolo loiwalika m'firiza usiku wonse limaphulika, ndipo ngakhale litapulumuka, mowa umene unauma n'kusungunuka umakhala utaguga. Firiza ikhale ya ayezi ndi nyama, mowa ukhale m'firiji.

Pambali pa firiji pakufunika kachipangizo kotetezera magetsi. Ngakhale damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechino, magetsi a m'makomo amatha kuthima n'kubweranso mwadzidzidzi, makamaka m'nyengo ya mvula ndi ziphaliwali, ndipo injini ya firiji imapsa ikakakamizidwa kudzuka nthawi yomweyo itangozima. Kachipangizo kameneka kamadikira mphindi zitatu kapena zisanu magetsi akabwera kasanalole kuti afike ku firiji, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi injini yatsopano. Komanso firiji isatsekeredwe m'kabati mothinana pofuna kukongoletsa. Kumbuyo ndi m'mbali mwake musiye mpata wa masentimita pafupifupi 10 kuti mpweya wotentha uzituluka, ndipo kalipentala auzidwe zimenezi asanadule thabwa loyamba.

Abale athu a ku Angonia ndi ku Tsangano, kumene ndi kumtunda kwa mamita oposa 1,000 ndipo mu Juni ndi Julayi anthu amaotha moto, akhoza kupeputsako nkhani ya firijiyi, chifukwa ya ST ikuwakwanira.

Chachiwiri ndi ayezi, ndipo pano ndikufuna kulankhula motsindika. Ayezi ndi madzi akumwa, ndipo kuuma kwa madzi sikupha tizilombo toyambitsa kolera kapena matenda ena otsegula m'mimba. Chigawo chathu chaonapo miliri ya kolera kangapo, choncho munthu amene amawiritsa madzi akumwa pakhomo pake koma n'kumagula ayezi wa m'mapulasitiki amene sakudziwa kumene madzi ake anatungidwa, wangodzivutitsa pachabe ndi kuwiritsako. Ayezi wogula ndi woyenera kuziziritsira mabotolo m'bokosi lozizira, kumene sakhudza chakumwa chenicheni. Woika m'tambula apangidwe pakhomo ndi madzi owiritsa kapena othira mankhwala, m'timathireyi tokhala ndi chivundikiro kuti asatenge fungo la nsomba za pende kapena la nyama zimene zili m'firizamo. Pakhale kabekete ka ayezi ndi kopanira kake, chifukwa manja amene angopatsana moni ndi anthu khumi sayenera kupisa m'ayezi. Bokosi lozizira nalonso ndi lofunika kwambiri tsiku la alendo ambiri, popeza limapulumutsa firiji ku kutsegulidwatsegulidwa, kumene kumataya kuzizira konse.

Malo oika bala asankhidwe poyang'ana kumene dzuwa limadzera. Khonde loyang'ana kumadzulo limalandira dzuwa la masana mpaka kulowa kwake, ndipo khoma lake limakhala likutulutsabe kutentha mpaka usiku, nthawi yeniyeni imene alendo amafika. Kuwala kwa dzuwa kumaononganso mowa, n'chifukwa chake mabotolo ambiri a mowa amakhala ofiirira, ndipo mowa wa m'mabotolo a girini ndi oyera umaonongeka msanga ukakhala poyera. Vinyo ndiye savuta n'komwe kuonongeka. Botolo la vinyo wa ku Portugal kapena ku South Africa likakhala pa shelefu m'chipinda chotentha madigiri oposa 30 kwa miyezi ingapo, limataya kukoma kwake konse, choncho kuno vinyo, ngakhale wofiira, agulidwe pang'onopang'ono ndipo asungidwe m'munsi mwa firiji kapena pamalo ozizirirapo kwambiri m'nyumba. Wisiki, jini, burande ndi ramu monga Tipo Tinto zimapirira kutentha, koma nazo zikhale m'kabati ya mthunzi, zotsekedwa bwino. Ngati bala ili pakhonde, fani ya kudenga kapena yoimika ndi yofunika kuposa chokongoletsera chilichonse, chifukwa imaziziritsa anthu komanso imabalalitsa udzudzu, umene m'chigwa muno ndi nkhani ya malungo. Nyali ikhale imodzi kapena ziwiri zowala modekha, zoikidwa chapatali ndi pamene pakhala anthu kuti tizilombo touluka tisamagwere m'matambula.

Ziwiya za m'manja n'zochepa kuposa mmene masitolo amafunira kuti tikhulupirire. Matambula aatali khumi ndi awiri a mtundu umodzi, aafupi asanu ndi limodzi, ndi a vinyo asanu ndi limodzi akukwana pakhomo wamba, ndipo ndi bwino kugula mtundu wopezeka mosavuta pamsika kuti lina likasweka mupeze lofanana nalo. Zotsegulira mabotolo zikhale ziwiri, china chokhomeredwa pakhoma kuti chisamasowe ndiponso kuti pasapezeke wotsegula botolo ndi mano kapena pamphepete pa tebulo. Onjezerani chozulira chitsekero cha vinyo, kampeni kakuthwa ndi kathabwa kodulirapo mandimu, supuni yaitali yotakasira, jagi ya madzi, thireyi, nsalu zopukutira zosiyana ndi za kukhitchini, beseni lotsukira ngati palibe mpopi pafupi, ndi kireti yosungira mabotolo obweza. Chokhutchumulira zakumwa zosakaniza mungachigule ngati mumapangadi zoterozo, koma pamakomo ambiri chimangokhala pa shelefu n'kumatola fumbi.

Pali kachiwiya kamodzi kamene ndimakaika patsogolo pa zonsezi, ndipo ndi koyezera toti. Toti imodzi ndi mamililita 25, kutanthauza kuti botolo la mamililita 750 lili ndi matoti 30. Mowa waukali monga wisiki umakhala ndi mphamvu pafupifupi 40 pa 100 aliwonse, pomwe mowa wa m'mabotolo uli ndi pafupifupi 5. Mwini nyumba wowolowa manja akathira ndi maso, savuta kufika mamililita 100 m'tambula imodzi, ndipo mlingo umenewo uli ndi mphamvu yoposa mabotolo awiri aang'ono a mowa. Mlendo amene akuwerenga kuti wamwa matambula atatu amakhala atamwa zofanana ndi mabotolo asanu ndi awiri osadziwa, kenako n'kukwera njinga yamoto kukaoloka mlatho wa Samora Machel usiku. Ena amaona ngati kuyeza ndi kuumira, koma ine ndimakuona ngati kulemekeza mlendo, chifukwa akadziwa mlingo wa chimene wamwa amatha kudzisankhira yekha polekera.

Ambiri a ife timafunanso kuti pa bala ya pakhomo pazipezeka za kwathu, monga mowa wa masese, phombe, kapena kachasu wa masau amene chigawo chino chimadziwika naye. Ndilibe nazo vuto, ndipo chikho ndi chipanda zili ndi malo ake pambali pa matambula a galasi. Koma tisaiwale zimene zinachitika ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, mu Januwale 2015, pamene anthu 75 anamwalira atamwa phombe pa mwambo wa maliro. Poyamba kunamveka mphekesera za ndulu ya ng'ona, koma kafukufuku anapeza kuti ufa wa chimanga umene anafulira mowawo unali utanyowa ndi madzi osefukira, ndipo munamera tizilombo timene timatulutsa poizoni wotchedwa bongkrekic acid. Poizoni ameneyu samveka fungo, samveka pakamwa, ndipo safa ndi kuwiritsa. Choncho mowa wofulula utengedwe kwa munthu amene mumamudziwa ndi kudziwa kasungidwe ka ufa wake, ndipo pakhomo usungidwe mumtsuko kapena m'chigubu chimene sichinasungepo china koma chakudya. Zigubu zimene munali mankhwala a fodya, a thonje kapena mafuta a galimoto zisayandikire n'komwe, ngakhale zitatsukidwa kangati. Kachasu naye mphamvu yake sidziwika, botolo lina limaposa linzake, kotero koyezera toti kaja kamafunika kwambiri pamenepa.

Bala imene ilibe chopatsa munthu wosamwa mowa ndi yoperewera. Pakati pa alendo pamakhala apongozi, amayi oyembekezera, abale a mipingo yoletsa mowa, Asilamu, ndiponso amene adzayendetse galimoto pobwerera, ndipo onsewa ayenera kulandira chakumwa m'tambula yabwino yofanana ndi ya ena onse. Shelefu imodzi ya firiji ikhale ya thobwa, madzi ozizira, zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi madzi a malambe, amene kuno sitisowa. Chakudya nacho ndi mbali ya zipangizo, chifukwa mowa wogwera m'mimba yopanda kanthu umaledzeretsa msanga. Mbaula ndi waya wootchera zikhale panja pomwe utsi sukulowa m'nyumba, ndipo pakhale timbale ta mtedza, kapenta wokazinga, kapena kanyenya wa mbuzi zathu za ku Tete zotchuka m'dziko lonse la Mozambique.

Kabati ya mabotolo ikhale ndi loko, ndipo kiyi azisunga ndi munthu wamkulu. Malamulo a dziko lino amaletsa kugulitsa mowa kwa ana osakwana zaka 18, ndipo sizingakhale zomveka kuti chimene baraka ya pamsewu yaletsedwa kupereka, mwana achipeze chili poyera pabalaza pa makolo ake. N'chifukwa chake mashelefu oonetsera mabotolo sindiwakonda pakhomo pamene pali ana ndi achinyamata.

Zonsezi zikakwanira, ndiye nthawi yoitana kalipentala. Kauntala yoti anthu azikhala pa mipando yaitali imatalika masentimita pakati pa 105 ndi 110, mipando yake masentimita pafupifupi 75, ndipo pansi pakhale chitsulo kapena thabwa lopondapo mapazi, apo ayi miyendo imachita dzanzi. Kumbuyo kwake musiye mpata wa pafupifupi mita imodzi kuti chitseko cha firiji chizitseguka munthu ataima pomwepo. Matabwa a fakitale opangidwa ndi utuchi wopanikiza amafufuma akangokhudzana ndi madzi otsika m'mabotolo ozizira, choncho pamwamba pakhale thabwa lenileni la mlombwa kapena chanfuta lopakidwa vanishi kangapo, kapena simenti yomatidwa matailosi, imene chiswe sichingaigwire. Thabwalo likhale louma bwino ndiponso logulidwa kwa amene ali ndi chilolezo, chifukwa laliwisi limapindika ndi kung'aluka m'chilimwe choyamba, komanso nkhalango za m'chigawo chino zadulidwa kale mokwanira. Mipando yaitali iwiri kapena itatu ikukwana. Yotsalayo ikhale mipando wamba yotsamira yozungulira tebulo lalifupi, pamodzi ndi mphasa ya amene angaifune, chifukwa amalume kapena apongozi simungawakweze pa mpando wopanda chotsamira miyendo ili lendelende, ndipo kucheza kwathu kumayenda bwino anthu akakhala moyang'anana. Pakhomo pamene malo ndi ochepa, tebulo lolimba logunda kukhoma, kabati yokhoma ndi firiji ya T pambali pake zikugwira ntchito yonse ya kauntala, ndipo ndalama zotsalazo zipite pa fani ndi kachipangizo kotetezera magetsi.