Mtsikana wowotcherera: kwathu kuno ndi ku Zambia

Ine ndimakhala ku Mchinji, kuno Chipata ndi pakhomo basi, ukangodutsa pa Mwami wafika. Ndiye mwana wa achemwali anga anamaliza Form 4, MSCE anakhoza ndithu koma ku yunivesite sanamutenge, pakhomo nkhani yangokhala yoti akaphunzire zosoka kapena saluni. Msuweni wake wa ku Chipata anamaliza Grade 12 chaka chomwecho, pano ali ku Chipata Trades akuphunzira zamagetsi, ovolosi, nsapato za safety, fizi ikuchokera ku CDF, thumba la ndalama za boma zotukulira konsitituwense. Atsikana awiri a magazi amodzi, mitu yofanana, koma njira zasiyana chonchi eti?

Chodabwitsa nchoti mayiko onsewa ali ndi TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, dzina limodzi. Ya ku Zambia inabwera ndi lamulo la 1998, yathu 1999. Makoleji ifenso tili nawo, Lilongwe Technical, Soche, Nasawa, Namitete apa pafupi, Salima, Mzuzu, Livingstonia, kuwonjezera ma community technical college aja anayamba 2015. Ndiye vuto si kusowa sukulu ayi. Anzathuwa anatipitirira pa ndalama. Mu 2022 CDF yawo inadumpha kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika K25.7 miliyoni pa konsitituwense imodzi, makwacha awotu osati athuwa, ndipo gawo lina ndi la ma bursary a ntchito zamanja. Kholo likamva zoti fizi alipira ena silikanganso zoti welding ndi ya amuna, limangoti pita mwanawe.

Chachiwiri ndi migodi. Mtsikana wa ku Ndola akalowa koleji ya zamanja ya NORTEC amadziwa kuti kuli Kansanshi, Lumwana, Kalumbila, komwe amafuna ma fitter, ma electrician, oyendetsa zimagalimoto zonyamula miyala zija, ndipo akazi alipo akuziyendetsa. Kuona mnzako atakwera chimashini chachikulu ngati nyumba kumasintha maganizo kuposa uphungu uliwonse wa pa wailesi. Kwathu mtsikana akamaliza mechanics amakapempha malo pa galaja ya pansi pa mtengo, abwana amamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako ati ukhale ukulemba ma risiti. Zinamuchitikira mnzanga wina, satifiketi ali nayo koma sipanala osaigwira miyezi itatu.

Komatu ndisaname, kwathu kulinso kabwino kake. Poti ntchito zolembedwa ndi zochepa, wa zamanja amaphunzira msanga kudzilemba yekha. Taonani mmene anthu akumangira ku Area 49, ku Chileka, ngakhale pa boma pano, aliyense akufuna ma burglar bar, geti, mapaipi, mathailosi. Sola ndiye osanena, ndi kuthimathima kwa magetsiku. Ku Zambia nako chilala cha 2024 chitaphwetsa damu la magetsi la Kariba, oika sola ndi amene anadya bwino. Ndipo amayi ambiri panyumba amamasuka kulowetsa plumber wamkazi mpaka kuchipinda, izi ndazimva kangapo.

Za ku Joni musandifunse zambiri, kumeneko pepala ndiye mfumu, popanda trade test yawo ija ya Red Seal ukhalabe wothandizira ngakhale ntchito ukuidziwa kuposa foromani.

Mwana wa achemwaliyu ndamuuza alembere zamagetsi, zosoka aziphunzira madzulo kwa amayi ake ngati akufuna. Alamu anga akuti waya umupha. Ndawafunsa ngati waya amasankha wovala siketi, mpaka pano sanandiyankhe.